Mwana wa Wailesi

Kalasi yanga ndi ya Wailesi zimalekanitsidwa ndi khoma limodzi, ndipo khomalo silifika kudenga. Omanga anasiya mpata pamwamba, kaya njerwa zinawathera kaya ankafuna kuti pazidutsa mpweya, koma chimene chimadutsapo ndi mawu a Wailesi. Ine ndimaphunzitsa kalasi yachitatu, iye yoyamba. Ana anga akamalemba masamu, milomo yawo imakhala ikutsatira nyimbo ya a, e, i, o, u yochokera kuseriko, ndipo ndinatopa kalekale kuwaletsa.

Dzina loti Wailesi tinam'patsa ndife aphunzitsi anzake, atangofika kumene. Analowa m'chipinda cha aphunzitsi ali kamtsikana kowonda, chikwama chachikulu kuposa mwini wake, n'kuyamba kupereka moni ndi kudziyankha yekha. "Mwadzuka bwanji? Mwadzuka bwino, ndikuona. Kunyumba? Onse ali bwino, eti? Zikomo!" Ahedi, amene anali atakonza mawu omulandira, anangotsala kukamwa kuli yasa. Dzinalo sanakwiye nalo. Analilandira ndi manja awiri, moti lero ngakhale makolo akabwera amafunsa kuti, "Madamu Wailesi ali kuti?"

Musamve ngati ndikumunyoza. Ine pa ntchitoyi ndakalambirapo, ndipo mphunzitsi wa tiana ngati ameneyu sindinamuonepo. Mwana wolira tsiku loyamba amamunyamula m'chiuno n'kupitiriza kulemba pa bolodi. Amapukuta mamina, amamanga zingwe za nsapato, amadziwa amene wabwera ndi njala pongoona mmene wagwirira pensulo. Pofika nthawi ya buleki siketi yake imakhala ili mbuu ndi choko, pamene timanja takhala tikumukoka. Kaphunzitsidwe kake ndi kamene tonse timachita, kamene anatiphunzitsira ifenso. Amakweza chinthu m'mwamba n'kuyamba dzina lake, ana n'kumaliza onse pamodzi.

"Ichi ndi cho...?"

"Choko!"

"Iyi ndi ka...?"

"Kapu!"

"M'manja!"

Ndiye kuwomba m'manja kwake malata amachita kunjenjemera. Kusiyana kwa Wailesi ndi ife n'koti iye sadikira. Mwana akangochedwa pang'ono kuyankha, iye wamaliza kale mawuwo, wamuyamikira, wafika pa chinthu china. Akuti amamva chisoni kuona mwana akuvutika kufunafuna yankho. Ine ndimati amangoopa chete basi.

Timakhalanso nyumba zoyandikana, ndiye ine Wailesi ndimamumva kuntchito ndi kunyumba komwe, ndilibe tchuthi. Mmawa wake ndi wofunika kuuonera. Dzanja limodzi likusita bulauzi, lina likupaka majarini pa buledi, phazi likukankha nsapato yamwana yomwe yalowa pansi pa mpando, pakamwa pakuthira ndemanga pa zonsezo. Bambo a mwana amayendetsa lole ya mitunda italiitali, amabwera n'kupita, choncho masiku ambiri m'nyumbamo mumakhala anthu awiri okha, Wailesi ndi kamnyamata kake. Akatseka chitseko amakabereka kumsana, makope a ana m'manja, n'kuthamanga kukakasiya kwa mayi wina amene amasunga ana pafupi ndi sukulu. Belu likamalira iye amakhala akulowa pageti, wefuwefu, akundiuza nkhani imene anaiyamba dzulo.

Kamnyamatako timakatcha Insipekitala. Kanayamba kuyenda msanga, ndipo kayendedwe kake n'koika manja kumbuyo, mimba patsogolo, kuyang'ana chinthu chilichonse mwakachetechete ngati kabwera kudzaona ngati ntchito ikuyenda. Kakaima pakhomo panga n'kuyang'ana mbale zosatsuka, ine ndimachita manyazi ndithu.

Vuto linali limodzi, ndipo silinali laling'ono. Insipekitala anali pafupi kukwanitsa zaka zitatu, koma anali asanatchulepo mawu ngakhale amodzi. Ngakhale "amama" amene ana a anthu amayambira, ayi. Kuseka ankaseka, kulira ankalira mokweza ngati mayi ake, kumva ankamva: utsegule pepala la bisiketi kuchipinda, iye watulukira, manja kumbuyo. Akafuna chinthu ankangoloza ndi kachala. Anzake obadwa naye nthawi imodzi anali atayamba kale kunenera anzawo ndi kutukwana nkhuku, iye ali duu.

Poyamba tinkaseka. Tinkati mwanayu akudikira kuti mayi ake amalize. Koma miyezi itapita, nthabwala ija inasiya kukoma, ndipo ndinayamba kuona Wailesi akuyang'anitsitsa pakamwa pa ana a eni akamalankhula. Tsiku lina ndinamuperekeza kuchipatala ndi mwanayo. Namwino analiza kabelu kumbuyo kwa khutu ili, mwana anatembenuka. Kumbuyo kwa linalo, anatembenukanso. Anamuyang'ana m'kamwa, lilime lili bwinobwino.

"Makutu alibe vuto, mayi," anatero namwinoyo. "Ana ena amachedwa. Tidzamuonenso akakwanitsa zaka zitatu. Koma inu muzilankhula naye kwambiri."

Ine ndinaphulika kuseka mpaka namwino anandiyang'ana moipidwa. Kuuza Wailesi kuti azilankhula kwambiri! Koma mwini wake sanaseke. Anawatenga mawuwo ngati lamulo la ahedi, ndipo pofika Loweruka nyumba yake inali itasanduka kalasi. Anadula makatoni n'kulemba ndi zilembo zikuluzikulu, n'kumata pa chitseko, pa mpando, pa ndowa, pa firiji, chilichonse dzina lake. Ndinamufunsa kuti kodi mwana wosalankhula awerenga bwanji, iye anati zimathandiza maso. Madzulo aliwonse, akangovula nsapato, ankatenga rula n'kuyamba phunziro, ine ndikumvera kuseri kwa mpanda.

"Iyi ndi ka...? Kapu! Wakhoza! Ichi ndi chi...? Chitseko! M'manja! Ukufuna chiyani, bambo? Madzi? Madzi, eti? Nawa madzi. Unene kuti zi...? Zikomo! Mwana wabwino!"

Insipekitala ankamwa madzi ake, n'kubweza kapu, n'kupitiriza kuyendera nyumba. Ine ndemwe, mphunzitsi wakalekale, ndinkamva zonsezi osaonapo cholakwika, chifukwa m'khutu mwanga limamveka ngati phunziro labwinobwino.

Ndiye panabwera apongozi ake kudzacheza. Anakhala pampando umene unali ndi chikatoni cholembedwa MPANDO, anayang'ana mdzukulu wawo, anayang'ana makope a ana ali mulu patebulo, n'kulankhula mofatsa, kufatsa kopweteka kuja.

"Ana a eni ake mukuwalankhulitsa bwino, amake mwana. Wanuyu adzamulankhulitsa ndani?"

Madzulo amenewo Wailesi anabwera kwanga, anakhala pa sitepe, ndipo analira ngati mwana wa m'kalasi mwake. "Asisi, kodi ndine ndamulakwira? Ndimamusiya mmawa, ndimabwera nditatopa. Mwina ndingosiya ntchito teremu ikatha, ndizikhala naye. Nanga akapanda kulankhula mpaka kalekale? Akadzadwala adzandiuza bwanji pamene pakumupweteka?" Ndinamukalipira kuti asiye zamkutuzo, koma mumtima ndinali ndi mantha omwewo. Kamnyamata kaja ndimakakonda ngati ndinakabereka ndine.

Kenaka linafika tsiku la masewera kusukulu. Tsikuli Wailesi amaliyembekezera chaka chonse. Tiana take tinali pa mpikisano wothamanga m'matumba, ndipo iye anathamanga nato m'mbali mwa bwalo kuyambira koyambira mpaka kothera, nsapato m'manja, akukuwa dzina la mwana aliyense. Kunali fumbi, kunali mphepo. Atatha a kalasi yake anayamba kuchemerera a kalasi yanga, atatha anga anachemerera mpira wa akuluakulu, ngakhale sankadziwa kuti wagoletsa ndani. Kamtsikana kake kena kanagwa, kanadzuka, kanadumphadumpha mpaka kupambana, ndipo kukuwa kumene anakuwa Wailesi pamenepo agalu a m'makomo oyandikana anayankha.

Mmawa mwake ndinadzuka mochedwa, chifukwa panalibe chondidzutsa. Kuseri kwa mpanda kunali zii. Ndinathamangira komweko nditangomanga nsalu, mtima uli m'mwamba, n'kumupeza ali chilili pakati pa nyumba, akutsegula pakamwa ngati nsomba, osatuluka kanthu. Mawu anali atapita onse. Adokotala atamuyang'ana kukhosi anati zingwe za mawu zatupa, ndipo akafuna kuti zichire asalankhule sabata yathunthu, ngakhale kunong'ona.

Ndisaname, ine ndinasangalala. Ndinalengeza ndekha m'chipinda cha aphunzitsi, ndipo aphunzitsi a masamu anaimirira n'kuvina pang'ono. Wailesi anatiloza ndi chala mmodzimmodzi, kutiuza ndi maso kuti tidzaona akachira. Ahedi anamuuza kuti akapume kunyumba, iye anapukusa mutu mwamphamvu. Tiana take angatisiyire ndani?

Tsiku loyamba m'kalasi mwake munali chipwirikiti, moti ndinalowamo kangapo kukakalipa. Koma tiana tija titamvetsa kuti madamu akudwala kukhosi, tinayamba kuyenda monyang'ama ndi kuuzana tokhatokha kuti, "Shhh, madamu alibe mawu." Iye ankakweza chinthu m'mwamba n'kungoima, nsidze zili m'mwamba. Mayankho ankabwera mosalongosoka, wina apa, wina apo, ena olakwika, ndipo kuseri kwa khoma ndinamva timawu tina timene ndinali ndisanatimvepo chaka chonsecho.

Amene anasokonezeka kwambiri ndi Insipekitala. Chibadwire anali asanaonepo nyumba yachete. Anasiya kuyendera zipinda n'kuyamba kulondola mayi ake paliponse, atagwira siketi. Akakhala pansi ankawakwera pamiyendo, kuwatsegula pakamwa ndi zala, n'kusuzumiramo mpaka kukhosi. Akaloza kapu, mayi ake ankamupatsa ali chete, ndipo iye ankaiyang'ana kapuyo mokayikira, osamwa msanga, ngati pali chimene chasowa.

Lachinayi masana titaweruka ndinapita kukamuona Wailesi, nditatenga mandimu ndi uchi. Ndinamupeza atakhala pansi pa kapeti, miyendo atatambasula, akuchonga makope. Dzuwa linkalowa pazenera, m'poto madzi akuwira. Ndinakhala pampando n'kuyamba kumuuza nkhani za kusukulu, ndikusangalala kuti lero ndimaliza nkhani popanda wondidula. Insipekitala anaima pakona akutiyang'ana. Kenaka anapita patebulo, ananyanyamphira, n'kukoka rula ya mayi ake.

Anamenya patebulo. Pha! Pha!

Tonse tinatembenuka. Iye ananyamula kapu yake yapulasitiki, anaikweza m'mwamba mmene kadzanja kakanafikira, anayang'ana mayi ake m'maso, n'kutsegula pakamwa.

"Iyi ka...?"

Abale inu! Mawu ake anali okhuthala, osasa pang'ono, ngati a kankhalamba kamene kangodzuka kumene. Ndimu limene linali m'manja mwanga linagwa n'kugubuduzika mpaka pansi pa firiji. Wailesi anauma, cholembera chofiira chili m'malere. Pakamwa pake panatseguka, milomo inapanga mawuwo, koma sipanatuluke kanthu.

Insipekitala anadikira. Anamenyanso patebulo, nkhope atakwinya.

"Ka...?"

Chete. Kamnyamata kanapumira m'mwamba, kupuma kwa mphunzitsi amene wapatsidwa kalasi ya ana ogona, n'kudziyankha kokha.

"Kapu." Kenaka mwaukali, "Manja!"

Tinawomba m'manja! Ine ndinawomba mpaka zikhato zinatentha, ndikukuwa, "Walankhula! Iwe Wailesi, mwana walankhula!" ngati iye sanali pomwepo. Wailesi ankawomba misozi ikutsika, makope atamwazika, akugwedezeka thupi lonse ndi kuseka kopanda mawu. Koma aphunzitsi athu atsopanowo sanasangalale ndi phokosolo. Anamenyanso patebulo kuti tikhale chete, n'kuyenda ndi rula yawo kupita kuchitseko.

"Ichi chi...?" Anatiyang'ana, ine n'kudziluma lilime. "Seko. Manja!"

Anapita ku ndowa. Anapita ku mpando. Analoza poto ali patali, chifukwa amadziwa kuti amawotcha. Nsapato anaitcha "pato", firiji anaitcha "jiji", koma zonse ankazidziwa, chimodzichimodzi, mwa ndondomeko yomweyo imene mayi ake ankayendera madzulo aliwonse. Zinali m'mutu mwake nthawi yonseyi. Kumapeto anabwera kwa ine, anandigunda bondo ndi rula, n'kufunsa mayi ake, "Awa a...?" Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Anti." Ine mayi wamkulu ndinalira mokweza, osachita manyazi.

Wailesi anadzuka n'kuyamba kuzungulira m'nyumba ngati nkhuku yofuna poikira. Anathamangira kukhomo, anabwerera, anandigwira mapewa n'kundigwedeza, anatola kope n'kulisiyanso. Nkhani yaikulu chonchi, ya moyo wake wonse, inamupeza alibe mawu oiuzira munthu! Kenaka anakumbuka foni. Anaifufuza m'chikwama, kukhuthula choko ndi makiyi pansi, n'kuimbira bambo a mwana, amene anali pa ulendo. Anaikweza mawu n'kugwada pamaso pa mwana, foni ili m'manja.

"Halo?" anayankha bamboyo, injini ya lole ikulira kumbuyo. "Amake mwana? Paja adokotala anati musalankhule, mukuimbiranji? Kwagwanji?"

Insipekitala anayang'ana foni. Anaika manja kumbuyo. Anatseka pakamwa kuti gwa.

"Halo? Mukundimva?"

Mtima wanga unagwa. Ndinaopa kuti zija zinali za kamphindi chabe, kuti chitseko chatsekekanso ndipo bamboyo sadzakhulupirira. Ndinawerama msangamsanga n'kuyamba, "Iwe, nena kuti aba..."

Sindinamalize. Dzanja la Wailesi, lonunkha choko, linanditseka pakamwa mwamphamvu. Anandiyang'ana n'kupukusa mutu. Kenaka anatembenukira kwa mwana wake, anakhala pa zidendene, n'kudikira. Ndinkamuona milomo ikunjenjemera kufuna kumuyambira mawuwo, koma anailuma. Madzi ankawira m'poto. Panja panadutsa njinga. Sindinaonepo chete wautali chonchija, ndipo amene anaugwira anali Wailesi.

"Kodi mwana ali bwino?" Mawu a bamboyo anali atasintha. "Asisi, muli pomwepo? Wina andiyankhe, chonde!"

Insipekitala anasendera pafupi. Anayang'ana nkhope yonyowa ya mayi ake, anaigwira patsaya ndi kachala, n'kuweramira pa foni mpaka mphuno kugunda galasi.

"Ababa."

Ku foni kuja tinamva mabuleki akufwenthera, matayala akukwera miyala ya m'mbali mwa msewu, injini n'kuzima.

"Ndani ameneyo?" anafunsa bamboyo motsitsa, ngati akuopa kuthawitsa mbalame.

"Ababa," anabwereza mwanayo, tsopano modandaula. "Amama alira."

Munthu wamkulu uja, amene ndimamudziwa ngati wosaseka ndi wosalira, anatulutsa kamawu kamene sindingathe kukalemba. "Nenanso, mwana wanga," ankatero. "Nenanso, ndaima, ndikumva." Dzanja la Wailesi linali likadali pakamwa panga, ndipo sindinalichotse.